Mmene mungapemphere thandizo kwa munthu wopeza bwino zinthu zikakuthinani

Kwa zaka zambiri ndinali mlembi wa bambo wina wamalonda amene ankadziwika kuti ndi wopatsa. Makalata opempha thandizo ankayamba afika m'manja mwanga asanapite kwa iwo, ndipo anthu obwera kudzadandaula ankakhala pa benchi moyang'anizana ndi tebulo langa podikira kuitanidwa. Ndinaona amene anathandizidwa, ndinaonanso amene anabwerera chimanjamanja. Chimene chinkandipweteka mtima n'chakuti kawirikawiri wobwerera chimanjamanjayo sanali wabodza, ndipo vuto lake silinali laling'ono. Ankangolephera kapemphedwe. Inenso ndinapemphapo, nthawi imene mwamuna wanga anadwala ntchito itamuthera, choncho ndikudziwa mmene malovu amaumira m'kamwa ukaima pakhomo pa munthu uli ndi pempho.

Musanaganize n'komwe za amene mukamupemphe, khalani pansi ndi pepala ndi cholembera. Lembani ngongole iliyonse, mwini wake, ndi tsiku limene akufuna ndalama yake. Ambiri amaopa ntchito imeneyi kuposa kupempha kumene, koma palibe kuchitira mwina. Mukatha, sankhani chinthu chimodzi chokha chimene chikapanda kulipidwa msanga chigwetsa zina zonse. Kwa wina ndi lendi, poti eni nyumba anena kale tsiku lotulukira. Kwa wina ndi fizi ya mwana amene mayeso ake ayandikira. Kwa wina ndi chida chogwirira ntchito chimene chawonongeka kapena chili pa chikole. Chimenecho ndicho mukapemphe, pa mtengo wake weniweni. Musawonjezere poganiza kuti akachotsera zikwanabe. Anthu amene anapeza chuma ndi thukuta lawo amadziwa mitengo ya zinthu kuposa mmene timaganizira, ndipo akangogwira nambala imodzi yokokomeza, nkhani yanu yonse amayamba kuikayikira.

Mawu amene ndinkawamva pafupifupi tsiku lililonse ndi akuti, "Bwana, ndithandizeni ndi kalikonse kamene mungathe." Amamveka aulemu, ndipo wowanenayo amaona ngati akudzichepetsa. Koma chimene chinkachitika n'chakuti abwana ankapisa m'thumba, n'kupereka yokwerera galimoto pobwerera, munthu n'kumapita vuto lake lili pomwepo. Nditawafunsa tsiku lina, anandiuza kuti ndalama yambiri sankaiopa. Chimene ankaopa ndi pempho lopanda mathero, loti ukapereka lero sudziwa ngati mawa latha kapena langoyamba kumene. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Munthu wopempha "kalikonse" amasiyira womuthandiza ntchito yowerengera, yoganiza njira, ndi yolosera kuti zidzatha liti. Ntchito imeneyo ndi yanu, ndipo muimalize musanatuluke m'nyumba.

Ndimakumbukira makalata awiri amene anafika sabata imodzi. Yoyamba inali ya masamba anayi, yolembedwa mbali zonse, yoyambira pa imfa ya makolo mpaka matenda a chaka chimenecho. Ndinaiwerenga yonse misozi ikulengeza, koma nditafika kumapeto sindinathe kuuza abwana kuti munthuyu akufuna chiyani kwenikweni. Yachiwiri inali ya theka la tsamba, yochokera kwa mayi wina wosoka zovala. Anati mota ya makina ake yapsa, wokonza wanena mtengo wakutiwakuti, ndipo anamata kapepala ka wokonzayo pakona ndi guluu. Anatchula anthu amene anamupatsa nsalu zoti asoke ndipo akudikira, ananena ndalama imene wasonkhanitsa kale yekha, n'kupempha yotsalayo ngati ngongole yobweza pang'onopang'ono kwa miyezi inayi. Pansi analemba kuti ngati abwana angakonde, alipire okha kwa wokonzayo. Abwana anaiwerenga ataimirira, chikwama chili m'manja, n'kundiuza kuti ndiyimbire wokonza makinayo tsiku lomwelo. Sindikunena kuti mavuto a mayiyu anali aakulu kuposa a wolemba kalata yoyamba uja. Anali aang'ono ndithu. Koma pempho lake linali loti munthu atha kuliyankha.

Amene amawerenga Baibulo akumbukira Nehemiya, woperekera chikho wa mfumu ya Perisiya. Atamva kuti malinga a Yerusalemu ali chigwere, sanathamangire kwa mfumu tsiku lomwelo. Panadutsa miyezi pafupifupi inayi. Mpata utapezeka, mfumu inamufunsa kuti ulendo wake utenga nthawi yaitali bwanji ndipo adzabwera liti, iye n'kutchula nthawi. Kenako anapempha makalata opita kwa abwanamkubwa a m'njira, ndi kalata ina yopita kwa Asafu, woyang'anira nkhalango ya mfumu, kuti amupatse mitengo. Munthu sangayankhe chonchi ngati sanakonzekere. Mafunso a mfumu aja, akuti nthawi yaitali bwanji ndiponso udzabwera liti, ndi omwewo amene inunso mukafunsidwe.

Tsono mupite kwa ndani? Maganizo amathamangira kwa wolemera kwambiri amene mumamudziwa, koma kumeneko n'kumene aliyense akuthamangira, ndipo munthuyo anaphunzira kalekale kukana. Ine ndinganene kuti yambani ndi munthu amene anaonapo ntchito ya manja anu kapena khalidwe lanu. Angakhale amene munamugwirira ntchito mokhulupirika, kasitomala amene wakhala akubwera kwa inu osadandaula, mphunzitsi wanu wakale, kapena wopemphera naye amene wakuonani zaka zambiri. Kwa munthu wotere simuyamba ndi kufotokoza kuti ndinu ndani. Fufuzaninso nkhani imene imamugwira mtima. Abwana anga anasiya sukulu ali aang'ono chifukwa chosowa fizi, ndiye nkhani ya mwana wanzeru amene wabwezedwa kusukulu sankaigoneka. Koma ukabwera ndi ya mpamba wa bizinesi, ankakupanikiza ndi mafunso mpaka thukuta kamukamu. Opatsa ambiri ali ndi nkhani yawoyawo yotere, ndipo anthu owazungulira amaidziwa.

Pali ena oti musapiteko ngakhale zitathina bwanji, ndipo apa ndikulankhula kwambiri ndi atsikana ndi amayi anzanga, ngakhale anyamata nawonso amakodwa. Munthu amene akuti mukumane usiku kumalo ogona alendo kuti "mukakambirane bwino" wakuuzani kale mtengo wa thandizo lake. Chimodzimodzi amene akufuna kusunga pasipoti kapena chiphaso chanu, amene akuti musaine mapepala osawerenga, amene akuti ndalama zake zizidutsira mu akaunti yanu ya kubanki, kapena amene akuti mumunyamulire katundu wosadziwika. Njala ya mwezi umodzi imatha, koma mlandu wa kukhoti kapena kukhala m'manja mwa munthu wotere kumatenga zaka. Palinso wakatapila wobwera ndi nkhope ya wachifundo. Funsani poyera kuti mudzabweza zingati zonse pamodzi ndiponso liti. Akayamba kuzemba funso limeneli, dzukani.

Chinanso choti mutsimikize muli kunyumba ndi mtundu wa thandizo limene mukupempha. Kodi ndi mphatso, ngongole, kapena ntchito? Maubale ambiri amene ndinawaona akusweka anaswekera apa. Wopempha ananena kuti "mundibwereke" chifukwa cha manyazi, mumtima akudziwa kuti sadzatha kubweza, ndipo wopereka anadikira ndalama yake mpaka anakwiya. Ngati mukuona kuti simungabweze, nenani zoona: "Sindikufuna kukunamizani kuti ndidzabweza, chifukwa panopa sindikuona pochokera. Ndikupempha thandizo." Mawu amenewa ndi olemera kutchula, koma ambiri amawalemekeza. Ngati ndi ngongole, tchulani kumene ndalama yobwezera idzachokere, ndipo sankhani tsiku limene mungalikwanitse ngakhale zinthu zitapanda kuyenda bwino, osati tsiku longofuna kusangalatsa munthu.

Kwa amene muli ndi luso, njira ya ntchito ndi imene ndimaikonda kuposa zonse, chifukwa imakusiyirani ulemu wanu. Vincent van Gogh, wojambula zithunzi wa ku Netherlands, ankadalira ndalama zimene mng'ono wake Theo, wogulitsa zojambula ku Paris, ankamutumizira mwezi ndi mwezi mpaka pamene Vincent anamwalira mu 1890. Chakumayambiriro kwa 1884 Vincent anapempha kuti asinthe mgwirizano: iye azitumiza zojambula zake kwa Theo, zikhale za Theo, ndipo ndalama ija iziwerengedwa ngati malipiro. Ndalama inali yochokera m'thumba lomwelo, koma tsopano anali ndi choyankha anthu akamufunsa kuti amadya za yani. Inunso mutha kunena kuti, "Ndilipireni pasadakhale ntchito ya miyezi iwiri, ndiigwira." Ndipo musaiwale kuti thandizo lina si ndalama ayi. Kalata yokuchitirani umboni, foni imodzi kwa eni nyumba kuti akudikireni, kapena kukulozerani kumene akufuna wantchito, nthawi zina zimapindula kuposa ndalama, ndipo munthu savutika kuvomera.

Khalaninso ndi nambala yachiwiri, yocheperapo. Mu Juni 1788, Mozart, katswiri wa nyimbo uja, analembera mnzake Michael Puchberg, wamalonda a nsalu ku Vienna, kupempha ngongole ya magulden (ndalama za kumeneko nthawi imeneyo) 1,000 kapena 2,000 kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, pa chiwongoladzanja. M'kalata yomweyo anawonjezera kuti ngati ndalama imeneyo yachuluka, amubwereke ngakhale mazana awiri okha, chifukwa mwini nyumba imene ankakhala kale anamuumiriza kulipira. Puchberg anatumiza 200. Opereka ambiri amatero. Safuna kukana, koma sangathe kapena safuna kupereka zonse. Mukawauza kuti "kachigawo aka kokha kathetsa chakuti", mwawapatsa povomerera.

Za nthawi yopemphera ndinene motsindika, chifukwa vuto likakula munthu umaiwala kuti enanso ali ndi awo. Karl Marx, wolemba mabuku wa ku Germany, anakhala zaka zambiri ku London akuthandizidwa ndi mnzake Friedrich Engels, amene ankagwira ntchito pa kampani ya thonje ku Manchester. Mu Januwale 1863 Engels analemba kuti Mary Burns, mkazi amene anakhala naye zaka pafupifupi 20, wamwalira mwadzidzidzi. Marx anayankha ndi mawu ochepa opepesa, kenako n'kudzaza kalata yonse ndi ngongole zake, za lendi, za fizi, za ana osowa nsapato. Mavutowo anali enieni. Koma Engels anapwetekedwa kwambiri, anakhala masiku angapo osayankha, ndipo atayankha ananena mosabisa. Ubwenzi wawo unapulumuka chifukwa Marx anapepesa. Choncho musanapite, funsani mmene zinthu zilili kwa munthuyo. Musamupemphe ali pa maliro, ali ndi wodwala, ali pakati pa alendo, kapena pa chikondwerero pamene anthu akumuyang'ana. Kupempha munthu pagulu n'kumukakamiza, ndipo ngakhale apereke chifukwa cha manyazi, sadzakulandiraninso ndi mtima umodzi.

Pitani nokha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mkhalapakati ndi wothandiza pokupezerani mpata ndi pokuchitirani umboni, koma nkhani mukainene ndi pakamwa panu, chifukwa wotumidwa amachotsera zina, amawonjezera zina, ndipo mafunso akabwera alibe mayankho. Popempha mpata wokumana, musabise cholinga. Anthu ena ankandiuza kuti angobwera kudzapereka moni, kenako atalowa n'kutulutsa pempho, ndipo ndinkaona nkhope ya abwana ikusintha. Uthenga wachidule ngati uwu ndi wokwanira, kaya pa kalata kaya pa WhatsApp:

"Bambo, ndine uje, amene ndinakusokerani makatani a mu ofesi chaka chatha. Ndagwa m'vuto la ndalama ndipo ndikufuna kukupemphani thandizo. Ngati mungandilole mphindi khumi tsiku limene muli ndi mpata, ndidzabwera ndi mapepala ake. Ngati sizingatheke, ndidzamvetsa."

Chiganizo chomalizacho musachisiye. Munthu amene wapatsidwa ufulu wokana amamvetsera momasuka.

Tsiku lokumana, fikani nthawi isanakwane, mutavala zoyera zimene muli nazo. Musadzionetse ngati wosauka kuposa mmene mulili, ndiponso musabwereke zovala zodula. Mukapatsana moni, lowani m'nkhani: chachitika n'chiyani, mwayesa chiyani panokha, chatsala n'chiyani, mukupempha chiyani. Gawo la zimene mwayesa panokha ndi lofunika kwambiri. Ngati mwagulitsa foni, mwasamukira m'nyumba yotsika mtengo, mwakambirana ndi okukongozani, nenani. Ikani mapepala patebulo, kaya ndi kalata ya kusukulu, bilu ya kuchipatala kapena chidziwitso cha eni nyumba. Mukatchula ndalama imene mukufuna, khalani chete. Kachetechete ameneyu amawawa, ndipo ambiri amayamba kudzaza mpatawo ndi kupepesa, kapena kutsitsa okha pempho lawo munthu asanayankhe n'komwe. Musiyeni aganize.

Akakufunsani mafunso owawa, monga chifukwa chake ntchito inatha kapena kumene ndalama zina zinapita, yankhani zoona ngakhale zikhale zochititsa manyazi. Anthu otere amafufuza, ndipo ine ndemwe ndinkatumidwa kuyimba mafoni. Munthu amene ananena yekha kuti anaika ndalama mu bizinesi yosaganizira bwino ankathandizidwa. Amene anabisa, ife n'kuzimva kwa ena, sankaitanidwanso. Misozi ikabwera yokha, ilekeni ibwere, palibe cholakwa. Koma pali mawu ena amene amatseka mtima wa munthu nthawi yomweyo. "Kwa inu imeneyi ndi yochepa" ndi amodzi mwa iwo, chifukwa mukuwerengera munthu ndalama za m'thumba mwake. Ena ndi okumbutsa zimene makolo anu anamuchitira, kapena omuopseza ndi Mulungu kuti akakana adzaona. Kuyerekeza ndi zimene anapatsa uje nakonso kumakwiyitsa.

Ngati n'kotheka, pemphani kuti alipire yekha kusukulu, kuchipatala kapena kwa eni nyumba. Ena amaona ngati kutero n'kuvomera kuti sakhulupirika. Ine ndimaona kuti kumakutetezani, chifukwa ndalama ikafika m'nyumba ya mavuto, vuto lililonse limaifuna, ndipo pofika mawa imakhala yagawika chimene munapemphera chisanalipidwe. Ikakhala ngongole, lembani kapepala: ndalama zingati, tsiku lolandira, kabwezedwe kake, ndipo nonse musaine, aliyense asunge lake. Yambitsani ndinu nkhani ya kulembayi. Wopereka nthawi zambiri amaifuna koma amachita manyazi kuitchula.

Akakana, thokozani chifukwa cha nthawi yake, n'kutuluka mwaulemu. Simudziwa zimene zili m'mabuku ake. Ndinaonapo abwana akukana anthu mwezi umene iwonso ankasowa tulo ndi ngongole ya kubanki, kunja anthu akuwaona ngati alibe vuto. Mutha kufunsa funso limodzi lokha: ngati akudziwa munthu kapena bungwe limene lingathandize pa nkhani yotere. Akanena kuti "ndiganize kaye", funsani tsiku limene mungadzamve yankho, ndipo likafika kumbutsani kamodzi. Akapanda kuyankhanso, ndiye kuti wakana. Musamuvutitse ndi mafoni, ndipo musakamunene kwa anthu. Pitani kwa munthu wina amene munamuganizira, koma mukalandira kwa awiri pa vuto limodzi, aliyense adziwe za mnzake.

Gawo limene anthu ambiri amagwa ndi la pambuyo polandira. Pa anthu onse amene anathandizidwa mu ofesi ija, ochepa kwambiri ndi amene ankabweranso kudzanena mmene zinathera. Tumizani lisiti tsiku lomwe mwalipira. Thokozani ndi mawu otchula chimene chachitika, monga "mwana walemba mayeso" kapena "makina ayamba kugwira ntchito". Papite miyezi, tumizaninso uthenga wopanda pempho lililonse m'kati mwake. Mayi wosoka uja ankabwera kumapeto kwa mwezi uliwonse ndi envulopu, ine n'kulemba m'kabuku, iye n'kusaina pambali. Mwezi wina anabwera tsiku lisanakwane, ali ndi theka lokha, n'kufotokoza kuti kasitomala wamkulu sanamulipire. Abwana sanadandaule ngakhale pang'ono. Chimene chimapha chikhulupiriro si kuchedwa, koma kuzimitsa foni ndi kukhota njira mukamuona munthu akubwera. Ndipo musalengeze kwa aliyense kuti uje ndi wopatsa popanda chilolezo chake, chifukwa mawa pakhomo pake padzadzaza anthu otchula dzina lanu.

Ngati thandizo lake ndi la mwezi ndi mwezi, dziwani kuti lidzatha, ndipo mwina mosayembekezera. Nadezhda von Meck, mayi wamasiye wolemera wa ku Russia, ankapatsa katswiri wa nyimbo Tchaikovsky ma ruble 6,000 pa chaka kuyambira mu 1877 kuti azipeka nyimbo popanda nkhawa, ndipo anagwirizana kuti asamakumane maso ndi maso. Mu 1890 anamulembera kuti chuma chake chasokonekera ndipo sangapitirize. Wothandiza amadwala, amakalamba, bizinesi imagwa, ana ake amayamba kufunsa kumene ndalama zikupita. Choncho kuyambira mwezi woyamba muzipatula kangachepe, muzifunafuna pena popezera, ndipo mukambirane naye poyera kuti thandizoli ndi la nthawi yaitali bwanji. Muonenso malire a zimene angakulamuleni. Wokulipirirani fizi ali ndi ufulu woona zotsatira za mayeso, koma alibe ufulu wokusankhirani banja kapena chipembedzo. Akayamba kulowerera kumeneko, muuzeni mwaulemu msanga, zisanazolowereke.

Zikadzathinanso n'kufunika kubwerera kwa munthu yemweyo, onetsetsani kuti nkhani yoyamba inatsekedwa, kapena mwafotokoza pamene yafika. Tengani kapepala ka mgwirizano woyamba ndi malisiti ake, muyambe ndi zimenezo, kenako munene chimene chasintha kuchokera nthawi ija ndi chifukwa chake vuto latsopanoli silikubwereza lakale.